Mchira wa Katsimphina

Lachiwiri, 3 Seputembala

A Mafizo, amayi odzawongola ziwalo za Bambo aja, abweranso lero ndipo abwereranso chimanjamanja. Bambo awalonjera bwinobwino ndi mutu, amwetulira ndi theka la kamwa lomwe limawamverabe, koma dzanja lamanja ayi. Lili m'thumba la jekete. Chitulukireni m'chipatala limakhala mommo, kutenthe bwanji, ngati abisamo chinthu chakuba.

Ndawaperekeza a Mafizo mpaka pamasitepe. Andinong'oneza kuti mwendo ukulimba, lilime lidzamasuka pang'onopang'ono, koma dzanja likapitiriza kukhala lofumbata chonchi zala ziuma, ndipo zikauma zauma. "Apezereni choti azigwira, chemwali. Chilichonse chomwe amachikonda." Ndavomera msangamsanga ngati zinthu zoterozo ndili nazo zodzaza kabati.

Madzulo ndimalongosola chikwama chija achimwene anabwera nacho kuchokera kunyumba yakale. Pansi pa masokosi ndapeza kachitini ka maswiti, kadzimbiri m'mbali. Ndisanatsekule n'komwe, kumbuyo kwanga ndangomva: "Katsimphina."

Pang'onong'ono ndikanagwetsa chitini. Chidwalireni sitiroko mawu a Bambo ndi "ee", "ayi" ndi "tiyi", basi. Lero dzina lathunthu, lomveka, ngati akuitana mwana amene ali panja.

Katsimphina ndi nyambo yawo ya pulasitiki wofewa, kansomba kotalika ngati chala changa chapakati, kobiriwira kumsana, koyera kumimba, tonyezimira tagolide m'kati. Ndakula ndikumva dzina lake. Anzawo a kudamu ankasintha nyambo ngati malaya, iwo kameneka kokha, ndipo ndowa inkadzaza. Pano kakalamba. Thupi lonse ndi zipsera za mano a nsomba, mchira unapotoka, kumutu kanang'ambika moti mbedza singagwirenso. Ndawaikira pabondo. Akhala akukasisita ndi dzanja lamanzere mpaka tiyi wazizira.

Lachitatu, 4 Seputembala

Thupi linali kuntchito, mutu unali kudamu komwe sindinapondeko chichokereni kupulayimale. Ndimathira pulasitala m'chidindo cha m'kamwa mwa agogo ena omwe tikuwapangira mano oikirira. Pulasitala akutsika pang'onopang'ono, mbuu, ine ndikuona madzi a m'mawa ali ndi nkhungu pamwamba, Bambo ataima m'mabango, malemu Mayi atakhala pansi pa ambulera akudzikupiza ndi nyuzipepala. Chibwano, mnzanga wa tebulo loyandikana, wachita kundigunda ndi chigongono. "Namano, zasefukira izo."

Ndikupukuta tebulo ndi pomwe zandifikira. Zaka zonsezi ntchito yanga ndi yomweyi: kutenga chinthu chakutha cha m'kamwa mwa munthu, kuchipangira chikombole, n'kutulutsa chatsopano. Nanga kansomba n'chiyani?

Poweruka ndadzera kusitolo ya zowedzera ija ili kuseri kwa pokwerera basi. Mwini sitolo wayang'ana chithunzi cha Katsimphina pafoni yanga n'kuseka. Akuti zimenezi zinasiya kubwera iye asanamere ndevu. Koma wanditulutsira botolo la pulasitiki wamadzi, woyera ngati mkaka (ndizingouti mkaka), timabotolo ta utoto ndi kapaketi ka tonyezimira. "Muziutenthetsa pang'onopang'ono mpaka uzionekera mkati. Panja, mayi, osati m'nyumba. Ndipo madzi akhale kutali, dontho limodzi lokha umakuthovukirani kumaso."

Achimwene aimba. Akuti Lamulungu la pa 22 galimoto ili pa iwo, atha kutitengera kudamu ngati Bambo angavomere. Ndawafunsa Bambo. Atsekula chitini, aloza pong'ambika paja, "Ayi." Ndati nanga ndikakupangirani kena kofanana ndendende? Sananene ee. Koma sananenenso ayi, ndipo m'nyumba muno masiku ano zimenezo ndi chikondwerero.

Lachinayi, 5 Seputembala

Ndapeza mayikulowevu yakale kwa wokonza mafiriji wa pakona. Chitseko chake chimafuna khofi kuti chitseke, khofi wina kuti chitseguke. Yakhala pakhonde.

Loweruka, 7 Seputembala

Sindingayambire pa Katsimphina, ndiye ndayeserera pa chitheba. Ndachidinda mu pulasitala dzulo, lero chikombole chinali chitauma.

Ulendo woyamba ndapsereza. Ndinaika jagi ya galasi m'mayikulowevu n'kuyamba kuyang'ana nkhunda za padenga la moyang'anana nafe, mmene zimatera zonse pamodzi ngati zapangana. Pokumbuka, utsi uli tolotolo, fungo la tayala lopsa. Amayi apansi, omwe khonde lawo lili pansi pa lathu, anali atangoyanika zofunda. "Kumwambako! Mukuwotcha mtembo wa ndani?" Ndapepesa nditavala masiki ndi magolovesi, ndipo sindikukhulupirira kuti zathandiza.

Ulendo wachiwiri ndaima pomwepo, kutenthetsa pang'ono, kutakasa, kutenthetsanso. Mkaka uja umayamba walimba ngati phala la dzulo, mpaka umati ndalakwitsanso. Kenako umamasuka. Kuyera kumachoka, umasanduka ngati uchi, n'kuyamba kuona supuni mpaka pansi. Ndadontheza utoto wobiriwira, dontho latsika likutambasuka ngati utsi. Ndathira tonyezimira, tayamba kuzungulira tokha, kukwera, kutsika, osafulumira. Ndaiwala khonde, ndaiwala amayi apansi. Ndikanatha kuyang'ana m'jagimo mpaka dzuwa kulowa, koma uchi wake sudikira munthu, ukazizira walimba.

Chitheba chatuluka chobiriwira, chonjenjemera, chamoyo kuposa chenichenicho. Potembenuka ndapeza Bambo ataima kuseri kwa chitseko cha galasi, atatsamira ndodo yawo. Ataona kuti ndawaona, ayamba kuyang'ana nkhunda.

Tonyezimira tili paliponse. M'tsitsi, m'shuga, pa nsidze za Bambo.

Lamulungu, 8 Seputembala

Ndalota madzi atadzaza m'khonde la m'nyumba mpaka m'mawondo, oyera mbee, ofunda. Mano oikirira a kuntchito akusambira m'magulumagulu, akutsegula ndi kutseka, osaluma munthu. Mayi anali kukhitchini akutsuka makapu ngati palibe chachilendo. Ndadzuka mtima uli m'malo, sindikudziwa chifukwa chake.

Titamwa tiyi ndawaonetsa Bambo chitheba chija n'kupempha Katsimphina. Ndafotokoza zonse ngati ndikulankhula ndi wodwala wamantha: sindikadula, sindikawotcha, kangogona mu pulasitala tsiku limodzi n'kubwerera kwa eni ake. Ayang'ana chitini nthawi yaitali. Ayang'ana ine. Kenako achikankhira kwa ine ndi chala chimodzi cha kumanzere, n'kutembenukira kuwindo kuti asaone ndikuchinyamula.

Ndachita mantha ndi kukhulupiriridwa chonchi.

Lolemba, 9 Seputembala

Nthawi ya nkhomaliro anzanga atatuluka, ndakagoneka Katsimphina pansi pa nyali yanga ya kuntchito. Ndakatsuka ndi kabulashi ka mano. Pansi pa galasi lokuzira zinthu kanandimvetsa chisoni: mabala okhaokha, pena pobooka, pena pometeka, mchira uja utapindikira kumbali n'kupotokanso pang'ono ngati chingwe. Chikombole sichinama. Chimene waikamo ndi chomwe chimatuluka, ndi zilema zomwe. Lamulo loyamba lomwe abwana anandiphunzitsa ndi lakuti konza kaye, dinda pambuyo.

Ndiye ndakonza. Mwini sitolo ananena kuti nyambo yopindika mankhwala ake ndi madzi otentha. Ndawiritsa ketulo, ndaviika mchira, wafewa, ndakapachika ndi chopanira zovala mutu m'mwamba mpaka kazizira. Katuluka kowongoka ngati pensulo! Mabala ndatseka ndi phula lathu lofiira lija timaumbira nkhama, limodzi limodzi, ndi nsonga ya kampeni kofunditsa. Pong'ambika kumutu ndalumikiza moti sungadziwe. Chibwano pobwera akutafunabe buledi wati, "Wakabwezera utsikana kagogoka." Ndamva kukoma, ndisaname.

Chikombole ndapanga cha mbali ziwiri. Theka la kumimba ndakwirira m'dongo, ndathira pulasitala pamwamba ndikugogoda tebulo kuti mpweya utuluke. Atagwira ndatembenuza, ndachotsa dongo, ndaboola timaenje m'makona kuti mbali ziwirizi zizikumana pamodzimodzi, ndapaka mafuta odzola, ndathira mbali inayo. Kumutu ndasiya kanjira kolowera uchi.

Kunyumba Bambo andiyang'ana m'manja ndisanavule nsapato. Ndati, "Kagonekedwa m'chipatala, Bambo, katuluka posachedwa." Phewa lawo lagwedezeka. Ndikuganiza kuti kunali kuseka.

Lachitatu, 11 Seputembala

Chikombole chauma, ndachipaka guluu wosungunula ndi madzi mpaka m'kati mukuwala. Ndapempha kuweruka masana.

Uchi woyera pang'ono m'theka la kumimba, kutseka, kumanga ndi malamba a mphira, wobiriwira kulowetsa ndi sirinji yaikulu mpaka atulukire pakanjira. Kenako kudikira. Pulasitala amafunda m'manja ngati mwanyamula kanthu kogona. Ndatsekula.

Mayo ine. Katsimphina kali mwana. Mamba onse akuoneka, timaso, kamzere ka m'mbali. Ndathamanga nako kukhitchini kukakaponya m'mbale ya madzi ozizira kuti kalimbe kali kowongoka, chifukwa kakazizira kali kopindika kamakhala choncho mpaka kalekale. Ndapanga tina mpaka jagi yatha.

Ndatipachika pa ulusi pawindo la kuchipinda kwanga. Dzuwa la madzulo likudutsa m'kati mwake, khoma lonse lasanduka lobiriwira, timithunzi tikuyendayenda, timadontho tagolide tikukwera padenga. Ndagona chagada pabedi ndi yunifolomu, ndikumva ngati ndili pansi pa damu ndikuyang'ana kumwamba. Ndaona Bambo ataima m'mabango, dzanja lamanja likuponya chingwe, chikuuluka, chikuuluka, osatera.

Sindinawaonetse. Ndikufuna ationere m'madzi.

Lachinayi, 12 Seputembala

Sindikudziwa poyambira.

Ndadzaza bafa, ndaika mpando pambali, ndawaitana. Abwera okha, osachita kukokedwa. Ndalowetsa mbedza mwa kamodzi, ndamanga kachingwe kumtengo wa tsache, ndakoka kuchokera kumpopi mpaka kumapeto. Kayenda bwino zedi, mutu patsogolo, mchira ukugwedezeka mofanana uku ndi uku, osapatuka. Ndawayang'ana ndikudikira theka la kumwetulira lija.

"Ayi."

Ndayesa kena. Ndakoka mofulumira, ndakoka mozengereza. "Ayi." Kenako, "Katsimphina."

Ndathamanga kukatenga chitini, ndikunyadira ndithu, phula ndinali nditachotsa, Katsimphina kali koyera, kowongoka. Atsekula. Akatola. Akatembenuza, ayang'ana mchira, akatembenuzanso ngati akufuna mbali ina yomwe ndabisa. Awerama movutikira, akagwira kumutu ndi zala za kumanzere, akakoka m'madzi. Kayenda ngati tinzake, njira imodzi, mwaulemu.

Akabwezera m'chitini kali konyowa. Atseka. Asiya chitinicho pamphepete pa bafa, atenga ndodo, apita kuchipinda kwawo. Phazi lodwala lija limamveka likukhwekhwereza mpaka chitseko chatsekeka.

Sanakalipe. Bola akanakalipa.

Lachisanu, 13 Seputembala

Ndawaimbira achimwene ndili pamasitepe a kuntchito. Nditafika pa nkhani ya ketulo andidula mawu.

"Wawongola mchira? Iwe, dzina lija unkaliyesa la chiyani?"

Ndati ndinkayesa ndi dzina chabe, ngati mmene amanditchulira ine Namano.

Ndiye andiuza. Akuti kanabwera kuchokera kusitolo kowongoka ngati tinzake, ndipo sikankagwira kanthu. Tsiku lina lotentha Bambo anakaiwala pampando wa galimoto, dzuwa n'kukafewetsa, Mayi osaona n'kukakhalira ulendo wonse wobwerera kunyumba. Ine akuti ndinali kumbuyo ndikugona kukamwa kuli yasa. Potsika, Bambo anakapeza katamatirira kudiresi, mchira utapotoka, ndipo anakwiya mpaka kukana chakudya. Ulendo wotsatira anakaponya m'madzi mongotaya. Kanayamba kuyenda kopendekera, kugwa chammbali, kudzuka, kugwanso, ngati kansomba kovulala. Nsomba zikuluzikulu zinkachita kulimbirana. Kuyambira pamenepo Mayi ankauza alendo kuti nsomba za m'nyumba muno amagwira ndi iwo, bambo awa amangonyamula ndodo.

"Chiwamwalirireni Mayi sanakaponyenso m'madzi," atero achimwene. "Ankangopita nako m'thumba."

Ndakhala pansi pamasitepe pomwepo. Achimwene atamva ndikufwenthera ayesa kundiseketsa, akuti safunsa anadya phula, ndipo iwe phula uli nalo lambiri kuntchitoko. Ndaseka ndikulira. Chinthu chimodzi chomwe Mayi anasiyapo chidindo chawo, ine ndachiviika m'ketulo pa nthawi ya nkhomaliro, n'kumva kukoma.

Loweruka, 14 Seputembala

Ndatikhalira.

Inde. Ndikulemba kuti ndidzaseke ndikadzakalamba. Ndaviika tiana tija m'madzi otentha, ndayala thaulo pampando wa kukhitchini, ndaika kamodzi, ndakhalapo. Ndayesa kukhala mmene Mayi ankakhalira m'galimoto, chikwama pamiyendo, thupi litapendekera kwa woyendetsa kuti amuuze kuti akuthamanga. Ndachita ndi kudumphadumpha pang'ono poyerekeza mabampu. Amayi apansi abwera kudzabweza sefa, andipeza ndili choncho. "Mukudwala msana?" Ndati ee. Andilangiza mafuta enaake.

Vuto ndi loti Mayi anali ndi pokhalira, ine ndinatengera kwa Bambo. Koyamba katuluka kophwatalala. Kachiwiri m'bafa kamangozungulira mpaka chingwe chapotana. Kena kayenda mimba ili m'mwamba ngati kafa kale. Ndayesa kupinda ndi zala, kupanira ndi chopanira zovala, kukulunga pa supuni. Tonse tikuoneka kuti tapindidwa ndi munthu amene akufuna kupinda. Ndipo ine sindikudziwa n'komwe chomwe ndikufuna, sindinakaonepo Katsimphina kakusambira. Mchira uja ndinauona bwinobwino kamodzi kokha, pansi pa nyali, ndikuuda.

Kenikeniko sindikakhudzanso. Madzi akatayika saoleka.

Bambo adya mpunga pang'ono, kuchipinda.

Lamulungu, 15 Seputembala

Chitini chikadali pamphepete pa bafa. Palibe akuchisuntha. Tonse tikusamba mochilambalala.

Lachiwiri, 17 Seputembala

Agogo a mano aja abwera kudzawabweza. Akuti akulowa bwino, sakupweteka, koma si awo. Atulutsa chithunzi chakale ali mtsikana, akuseka, pakati pa mano akutsogolo pali mpata woti njere ya mpunga n'kudutsa. "Malemu amuna anga anandikwatira chifukwa cha pamenepa. Inu mwatsekapo. Ndikayang'ana pagalasi ndikumaona mphunzitsi wamkulu." Abwana ayamba kufotokoza za kalumidwe koyenera. Ine ndangotenga manowo n'kunena kuti abwere Lachisanu.

Chibwano wandiyang'ana, watsegula pakamwa, watsekanso. Mulungu amudalitse.

Masana onse ndimapala kampata kaja pang'onopang'ono ndikuyerekeza ndi chithunzi. Agogowa ali ndi mwayi, ali ndi chithunzi. Changa cha pafoni chija ndachikuza mpaka chasanduka timabokosi, koma mchira unabisika kuseri kwa chala changa.

M'basi ndinatsamira windo n'kumaona anthu a mumsewu ngati ali m'madzi. Aliyense ali ndi kapendekeredwe kake. Wogulitsa nyuzipepala amagwera kumanzere, mayi wonyamula mwana kumanja, wapolisi wa pamphambano amaponya phazi limodzi kunja. Sindinaonepo zimenezi, chikhalirecho ndimadutsa pomwepo tsiku ndi tsiku. Ndapitirira potsikira.

Lachinayi, 19 Seputembala

A Mafizo abwera ndi nzeru ina. Akuti dzanja lofumbata limamasuka likamva kufunda, ndiye tiziyamba ndi kansalu koviika m'madzi ofunda. Ndabweretsa kansalu. Bambo ayang'ana khoma. A Mafizo anyengerera, aseka, ayerekeza kukwiya, mpaka kansalu kazizira m'manja mwanga. Pamasitepe sanandinong'oneze kanthu, angondigwira paphewa, ndipo zimenezo zandiopsa kuposa mawu.

Ngakhale "tiyi" wasowa. Ndikabweretsa amamwa, ndikapanda kubweretsa safunsa.

Ndinalowa kuchipinda kwawo n'kukhala pamphepete pa bedi. Ndati, "Bambo, achimwene andiuza za Mayi ndi galimoto. Sindinkadziwa. Ndikanafunsa. Pepani." Andisisita pamutu kamodzi ndi dzanja lamanzere, ngati mmene ankachitira ndikalephera mayeso. Andikhululukira, ndikudziwa. Koma kukhululuka sikutulutsa dzanja m'thumba.

Achimwene afunsa ngati abwerebe Lamulungu. Ndati sindikudziwa.

Loweruka, 21 Seputembala

Ndinadzuka nditatsimikiza zothetsa nkhaniyi: nditsirize zotsala, mayikulowevu ndibweze kwa wokonza mafiriji, amayi apansi apume. Ndinatsitsa tiana tonse pawindo, towongoka ndi tokhaliridwa tomwe, n'kuyamba kutiduladula ndi sizasi pakhonde kuti ndisungunulenso. Toyera ndi tobiriwira titasakanikirana, uchi unatuluka wamtundu wina, wotuwira, wosaonekera bwino, tagolide tikungophethira patalipatali. Madzi a kudamu enieni, mvula itagwa dzulo lake. Ndinathira m'chikombole osayembekeza kanthu, n'kuika jagi ina m'mayikulowevu.

Kaya ndi kulira kwa sizasi, kaya ndi fungo. Ndinamva phazi lija likukhwekhwereza, kenako chitseko cha galasi chikutseguka. Bambo anaima pakhomo, jekete ili pathupi, dzanja lamanzere pa ndodo. Sindinalankhule, kuopa kuwathawitsa ngati nkhunda.

Ndinamasula malamba, ndinatsekula chikombole, ndinakatulutsa. Kanali kofunda, kofewa, kakugwa uku ndi uku m'zala zanga. Ndimati ndidutse ndikakaponye m'madzi ozizira kukhitchini, pomwepo kuchokera pansi: "Kumwambako! Zikupsanso!" Kutembenuka, utsi ukutuluka m'mbali mwa mayikulowevu. Ndinaiwala jagi. Chitseko chake chija chimafuna dzanja limodzi lomenya, jagi dzanja lina. Patebulo fumbi la pulasitala lokhalokha, sindikanakaikapo. Bambo atatchinga khomo. Thumba la jekete lobisamo dzanja lija lili pafupi ndi chigongono changa, kukamwa kwake kuli pululu.

Sindikudziwa ngati ndinaganiza. Ndinangokaponyamo.

Khofi pachitseko, jagi panja, utsi m'maso, kupepesa kwa amayi apansi, omwe anandiuza mbiri yonse ya chifuwa chawo ndi cha mlamu wawo. Zinatenga nthawi. Nditapukuta misozi n'kutembenuka, Bambo anali atakhala pampando wa pakhonde.

Dzanja linali pabondo.

Sindinalione padzuwa chichokereni kuchipatala. Laonda, latuwa, zikhadabo zakula, ndinachita manyazi. Linali lofumbata zolimba, ndipo pakati pa chala chaching'ono ndi chinzake panatulukira kamchira kobiriwira.

"Kakukuwotchani, Bambo?"

"Ayi." Anameza mate. Milomo inayesa kangapo. "Kofunda."

Ndinakhala pansi pasimenti pafupi ndi mapazi awo. Sitinachite kanthu. Nkhunda zinatera, zinauluka, zinateranso. Ndinkadziwa kuti kakuzizirira m'menemo, kakulimba kali kopindika, ndipo china chake mwa ine chinkakuwa kuti kachotse msanga, kawonongeka. Ndinakhalira manja anga.

Anayamba okha. Chala chachikulu anachikoka ndi dzanja lamanzere. Cholozera chinatsatira pachokha, pang'ono, chikunjenjemera, thukuta lili pamphumi. Zinazo zinangosuntha mpata woti kansomba n'kutsetsereka. Kanagwera pabondo. Konyansa! M'mbali muli mizere ya zala, ulusi wa m'thumba utamatirira paliponse ndi kanyenyeswa ka bisiketi, msana wokhota, mchira utapindikira kumbali n'kupotoka.

Anakayang'ana nthawi yaitali. Kenako anatenga ndodo n'kuimirira, ine pambuyo. Kubafa anatsegula mpopi okha. Chitini chija anachisuntha pang'ono kuti apeze pokhazika chigongono. Ndinalowetsa mbedza, ndinawapatsa mtengo wa tsache.

Kanayamba bwino, kenako kanagwa chammbali, mimba kung'anima, kanadzuka, kanayenda pang'ono, kanagwanso. Ngati kakufuna kufika koma china chake chikukakoka. Ine amene sindidziwa za nsomba ndinamva kufuna kukagwira. Anakokanso. Anakokanso. Madzi anali kuwala padenga, ndipo phewa la Bambo linayamba kugwedezeka.

"Ndi mmene Katsimphina kankachitira?"

Anapukusa mutu. Analoza ndi chibwano mbali inayo: kaja kankagwera uko, aka kakugwera kuno. Anayang'ana dzanja lawo, lomwe linali likadali panja, litatsamira pamphepete pa bafa, tonyezimira titamatirira m'mizere ya chikhatho.

Anatuluka osandidikira. Ndinatseka mpopi, ndinapukuta pansi, ndinawatsatira. Ndinawapeza pakhonde atakokera mpando kutebulo, pafupi ndi chikombole. Dzanja lamanja analigoneka chagada pa fumbi la pulasitala, zala zitatseguka theka.

"Kena," anatero. "Namano. Kena."

M'botolo munatsala mkaka pang'ono pansi. Ndinautsanulira m'jagi yoyera, n'kumenya chitseko cha mayikulowevu kuti chitseke.